Piritsi limodzi patsiku, koma achinyamata athu akutsalira



Ma ARV a masiku ano ndi osiyana ndi aja a zaka 20 zapitazo. Kuyambira mu 2019, Malawi ndi South Africa anayamba kupereka piritsi la TLD, lomwe muli mankhwala atatu: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Limamwedwa limodzi patsiku. Munthu akamamwa mosadumphitsa, pakatha miyezi ingapo tizilombo timachepa m'magazi mpaka makina oyezera sationanso, ndipo munthu wotere sapatsira mnzake kachilombo pogonana. Komabe akamayeza magazi a anthu m'maiko athu a kumwera kwa Africa, gulu limene limapezeka kawirikawiri litatsalira ndi la azaka 15 mpaka 24.

Mankhwalawo amagwira ntchito mwa mnyamata monga momwe amagwirira mwa bambo ake. Pamene pakuvuta ndi pa kamwedwe. Ena mwa anawa anabadwa nako kachilombo, ndipo anakula akuuzidwa kuti mapiritsiwo ndi a chifuwa kapena owonjezera magazi. Akadzamva zoona ali ndi zaka 16, mwina kwa namwino, amakwiya n'kusiya kumwa. N'chifukwa chake bungwe la WHO limalangiza kuti mwana aziuzidwa pang'onopang'ono, ndipo pofika zaka 12 akhale atadziwa zonse. Ena amagona anayi m'chipinda chimodzi cha lendi ku Johannesburg, ndipo botolo likangochita phokoso m'chikwama anzawo amayamba mafunso. Kubisa kumasanduka kudumphitsa, tizilombo timachulukanso, ndipo nthawi zina timafika posamvanso mankhwala.

Ku Zimbabwe anayesa njira ina. Pulogalamu ya Zvandiri imaphunzitsa achinyamata amene ali ndi kachilombo kuti aziyendera anzawo kunyumba, kuwakumbutsa za mankhwala ndi kucheza nawo. Kafukufuku amene anachitika m'zipatala 16 za ku Bindura ndi Shamva, n'kusindikizidwa mu 2020, anapeza kuti patatha pafupifupi zaka ziwiri, mwa achinyamata 100 alionse amene ankayenderedwa, 25 anali ndi tizilombo tochulukabe kapena anali atamwalira. Kwa amene sankayenderedwa chiwerengerocho chinali 36. Mapiritsi anali omwewo. Chosiyana chinali mnzawo wamsinkhu umodzi amene akanamuuza zinthu zimene sakanauza azakhali.

Pali nkhani ina imene ikutikhudza ife a mu mpingo. Mtsikana akauzidwa kuchipatala kuti tizilombo sitikuoneka, amasangalala, ndipo n'zoyeneradi kuyamika Mulungu. Koma mawu amenewa sakutanthauza kuti kachilombo katha. Kamabisala m'maselo ena a m'thupi, ndipo akasiya mankhwala kamabwerera pakangotha milungu yochepa. Mtsogoleri amene wamva umboni wotere n'kumuuza mwanayo kuti ataye botolo, wamuika pangozi, ngakhale atalankhula ndi mtima wabwino. Kusala kudya nakonso si chifukwa chodumphitsira, popeza TLD imamwedwa ngakhale m'mimba mulibe kanthu. Pa mapemphero a usiku wonse, piritsi lilowe m'thumba la yunifolomu. Chofunika kusamala ndi mapiritsi a iron, a calcium ndi a chilungulira, chifukwa amalepheretsa dolutegravir kulowa bwino m'thupi. Amene akumwa zimenezi, kapena mankhwala a TB, auze anamwino kuti amukonzere kamwedwe.

Ife okhala kunja tilinso ndi vuto la maulendo. Mnyamata amakwera basi mu December, kudutsa Beitbridge ndi mapiritsi a milungu iwiri, kenako ndalama yobwerera n'kuchedwa mpaka February. Asananyamuke apemphe kuchipatala mankhwala okwanira ulendo wonse, ndipo ngati akusamuka atenge kalata yosamutsira yolembedwa dzina la mankhwala ndi zotsatira za magazi zomaliza. Amene anasiya kale abwerere kuchipatala osadikira kudwala, angonena tsiku limene anamwa komaliza. Makolo adziwenso kuti ku South Africa lamulo la Children's Act limalola mwana wazaka 12 kupita m'tsogolo kukayezetsa HIV popanda chilolezo cha kholo.