Kutunga Kuwala kwa Milalang'amba Yakutali Usiku wa ku Balaka ndi Machinga

Funso: Kodi munthu wamba wa ku Ulongwe kapena ku Ntaja angajambuledi mlalang'amba wina, wosakhala wathuwu?

Yankho: Angajambule, ndipo maso ake anayamba kale kuiona. Timitambo tiwiri toyera timene timaoneka kum'mwera usiku wa mu Novembala ndi Disembala, tosasuntha ndi mphepo, si ta mvula ayi. Ndi milalang'amba iwiri ing'onoing'ono yodziwika ndi dzina la Magellan. Kuwala kwa waukuluwo kumayenda zaka pafupifupi 160,000 kusanafike m'diso lanu.

Funso: Nanga pamafunika telesikopu yokulitsa zinthu kangati?

Yankho: Funso ili ndalimva kambirimbiri, ndipo limandiwawa chifukwa lasocheretsa anthu, ena mpaka kutaya ndalama pa timapaipi tolembedwa 500x pakatoni. Milalang'amba yoyandikana nafe si yaing'ono kuthamboku. Andromeda, amene amaoneka kumpoto mu Okutobala, ndi wotalika ngati miyezi yathunthu 6 yondandalikidwa pamodzi. Mukulitsa chiyani pamenepo? Chimene chimatibisira zinthuzi si kuchepa kwake, koma kuti kuwala kwake n'kwa chizimezime. Mukakulitsa kwambiri, kuwala kochepa komweko mwakumwaza pamalo aakulu, ngati kusungunula supuni imodzi ya shuga m'ndowa yamadzi.

Amene akukayika amve za Roberto Abraham wa ku Toronto ndi Pieter van Dokkum wa ku Yale. Akatswiri awiriwa atafuna kuona mbali zofooka kwambiri za milalang'amba, sanamange chigalasi chachikulu. Mu 2013 anatenga malenzi a Canon a mamilimita 400, omwe aja amajambulira mpira ndi nyama zakutchire, n'kuwamanga pamodzi kuti onse aloze malo amodzi. Chipangizocho anachitcha Dragonfly, chili ku New Mexico, ndipo chinakula mpaka malenzi 48. Lenzi ya mtundu womwewo imene mlendo amajambulira njovu ku Liwonde National Park masana ikhoza kugwira ntchito ina usiku.

Funso: Zofookazo ndi zinthu zanji kwenikweni?

Yankho: Apa ndiye pali nkhani. Mlalang'amba waukulu umakula pomeza anzake aang'ono. Waung'ono ukayandikira, mphamvu yokoka ya waukuluwo imaukhadzula pang'onopang'ono, nyenyezi zake n'kumatsalira m'njira monga chimanga chotayika m'thumba lobooka panjinga. Mzere umenewo ndiwo timautcha mtsinje wa nyenyezi. Pena zotsalirazo zimapanga zikhungwa zozungulirazungulira ngati za anyezi. Wathu nawo ukudya: mu 1994 Ibata, Gilmore ndi Irwin anapeza kamlalang'amba ka Sagittarius kali mkati mokhadzulidwa. Mitsinje yotereyi imafooka nthawi zoposa 100 poyerekeza ndi kuwala kwa thambo lenilenilo pa usiku wopanda mwezi, pakuti thambo silida bii monga timaganizira.

Pali zinanso, mivi ya kuwala yotuluka pakati pa milalang'amba ina. Mu 1918 Heber Curtis wa ku Lick Observatory anaona kamzere kowongoka kotuluka pamtima pa M87. Lero tikudziwa kuti kamachokera pafupi ndi black hole yolemera ngati madzuwa 6.5 biliyoni, yomwe ija chithunzi chake chinatuluka pa 10 Epulo 2019. Mbali yooneka ya muviwo imatalika mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 5,000. Chosangalatsa n'chakuti pojambula muvi umenewu simufunika kutsekula kamera nthawi yaitali. Mukatero mtima wa mlalang'ambawo umayera mbee n'kuumeza. Kuwala kwa M87 kunanyamuka zaka pafupifupi 55 miliyoni zapitazo, chigwa chimene Shire akuyendamo chisanang'ambike.

Funso: Kamera ya mtundu wanji?

Yankho: Iliyonse yolola kusintha lenzi, kutsekula kwa mphindi zingapo ndi kusunga zithunzi za RAW, yakaunjika imakwana.

Funso: Ndiye kuwala kofooka chonchi mumakugwira bwanji?

Yankho: Amayi a m'mbali mwa Rivirivi amadziwa kale njira yake. Mtsinje ukaphwa m'chilimwe amafukula mchenga, n'kudikira madzi adzinjenjera, kutunga chikho chimodzi, kudikiranso, mpaka ndowa idzaze. Kujambula kwathu n'chimodzimodzi. Chithunzi chimodzi cha mphindi 2 kapena 3 chimatuluka chodzaza timadontho tonga mchenga, mlalang'amba ukungooneka ngati kachifunga. Mumajambula zithunzi mazanamazana za malo omwewo, kenako pulogalamu ya pakompyuta monga Siril kapena DeepSkyStacker, zonse zaulere, imazisanjikiza. Timadontho tija timagwa mwachisawawa, choncho timafafanizana tokha. Kuwala kwenikweni kumagwa pamalo amodzimodzi, choncho kumaunjikana.

Masamu ake ndi ouma mtima. Kuti chithunzi chiyere kawiri, nthawi muiwonjezere kanayi. Ola limodzi likakupatsani kanthu, maola 4 akupatsani kuwirikiza kwake, ndipo kuti muwirikizenso mufunika maola 16. Rolf Olsen, munthu wongokonda zakuthambo wa ku Auckland ku New Zealand, anaunjika maola 120 pa Centaurus A mu 2013 ndi telesikopu ya mainchi 10, usiku ndi usiku kwa miyezi ingapo.

Funso: Mwatchula Centaurus A. N'chifukwa chiyani mumamukonda chonchi?

Yankho: Chifukwa ndi wathu, anthu a kum'mwera. Wa ku London sangamuone m'pang'ono pomwe, samutulukira n'komwe. Kuno, pa madigiri pafupifupi 15 kum'mwera kwa equator, amakwera mpaka madigiri 62 kuchokera pansi. James Dunlop anamupeza mu 1826 ali ku Parramatta ku Australia. Kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 12 miliyoni, ndipo pakati pake padutsa lamba wakuda wa fumbi, chipsera cha mlalang'amba wina umene anaumeza. Pomufuna, yambani ndi Mtanda wa Kum'mwera, pezani mpira wa nyenyezi wa Omega Centauri umene umaoneka ndi maso okha ngati nyenyezi yaubweya, kenako kwerani chakumpoto madigiri anayi ndi theka. Maola awiri akupatsani lamba uja. Maola makumi angapo ayamba kukupatsani zikhungwa zimene David Malin ndi anzake anazifotokoza mu 1983, ndi timizere tofooka ta mpweya wowala totsata njira ya muvi wake.

Ndipo sali yekha. M83, amene Lacaille anamupeza ali ku Cape mu 1752, amafika madigiri 75. Sombrero amadutsa pafupifupi paliwombo penipeni pa munthu woima ku Phalula. Zimenezi si zachabe: chinthu chikakhala pamutu, kuwala kwake kumaboola mpweya wochepa, fumbi lochepa. Anthu amakwera ndege kuchokera ku Germany kupita ku mafamu a Hakos ndi Tivoli ku Namibia kukafuna thambo la kum'mwera lomweli.

Funso: Nyengo yabwino ndi iti?

Yankho: Kuyambira kumapeto kwa Epulo mpaka Juni. Mvula imakhala yatsuka mpweya, ndipo milalang'amba ya Centaurus A, M83 ndi Sombrero imakwera pamwamba usiku usanapite patali. Chiperoni chimavutitsa kwambiri kumapiri a Thyolo, Mulanje ndi Zomba kusiyana ndi chigwa chouma cha Balaka. Pafupi ndi Shire, cha ku Liwonde, mdani ndi mame ndi nkhungu ya m'bandakucha. Lenzi imachita thukuta inu osadziwa, choncho ndi bwino kutalikirako mtsinje kapena kukwera pamtunda cha ku mapiri a Chikala. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala kulibe mitambo, koma musanyengedwe. Utsi wa lupsa, wa osaka mbewa ndi wa ng'anjo zamakala umayala chimbuuzi chimene chimameza zofooka zonse. NGC 253, amene Caroline Herschel anamupeza mu 1783, amadikira bwino usiku woyera wotsatira mvula yoyamba.

Funso: Mwezi ukawala?

Yankho: Kagoneni, ntchitoyi ndi ya masiku a mdima.

Funso: Anthu ena amati zithunzi zoterezi n'zopeka pakompyuta. Si zoona?

Yankho: Si zoona, ndipo mawu amenewa amanenedwa mopepuka kwambiri. Kodi namwino akaika choyezera pachifuwa panu n'kumva kugunda kwa mtima kumene khutu lokha silikanamva, wapeka mtimawo? Kompyuta siwonjezera nyenyezi ngakhale imodzi. Imaphatikiza zimene kamera inalandira, kenako imatambasula mbali zakuda kuti diso lizione. Mafoni ena amene amadzikongoletsera okha chithunzi cha mwezi, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo sitiyenera kusakanizidwa nayo.

Komabe wokayikayo ndimupatsa mbali yake, chifukwa kudzinamiza n'kotheka. Kafumbi kamodzi pagalasi kamatuluka ngati mphete. Lenzi iliyonse imadetsa m'makona. Nyenyezi yowala ya pambali imaponya chithunzithunzi chake mkati. N'chifukwa chake timajambulanso zithunzi zoyezera: zina lenzi itavindikiridwa, zina itaphimbidwa ndi nsalu yoyera n'kuloza thambo la chisisira, kuti zilema za chipangizo zichotsedwe. Mlalang'amba wathu nawonso uli ndi fumbi lopyapyala limene limanamizira mitsinje. Ngakhale akatswiri amatsutsana. Mu 2008 R. Jay GaBany, wojambula wamba, pamodzi ndi katswiri David Martínez-Delgado anatulutsa chithunzi chotchuka cha NGC 5907 choonetsa mtsinje wozungulira kawiri. Mu 2019 Dragonfly inayang'ana malo omwewo n'kupeza mtsinje umodzi wokhota, kuzungulira kwachiwiri osakuona. Ine lamulo langa ndi ili: chimene mwaona chibwerenso usiku wina, kamera itatembenuzidwa. Chikatembenuka limodzi ndi kamera, n'cha kamera.

Funso: Chovuta kwambiri kwa woyamba kumene n'chiyani kuno?

Yankho: Kulunjika. Thambo limazungulira madigiri 15 pa ola, ndiye kamera iyenera kukhala pa kachipangizo kamota kolitsatira, ndipo ngati pali pomwe ndalama zanu ziyenera kupita ndi pamenepa. Msana wa kachipangizoko uloze pamchombo wa thambo wa kum'mwera. A kumpoto ali ndi Polaris yowala. Ife tili ndi Sigma Octantis, kanyenyezi kovuta kuona, ndipo kuno kali madigiri 15 okha kuchokera pansi, kumene phiri, mlambe kapena utsi zimakabisa. Sankhani malo otseguka kum'mwera. Talikitsani mzere wautali wa Mtanda kanayi ndi theka, mufika pafupi. Zotsalazo mukonza poona kumene nyenyezi ikutsetserekera pachithunzi. Mukapeza, thirani simenti pamene miyendo yaima, kuti mawa musayambirenso.

Funso: Magetsi?

Yankho: Batire ya sola yapanyumba imakwanira usiku wonse.

Funso: Anthu a m'mudzi sangadabwe kuona munthu ali ndi zida usiku pakati pamunda?

Yankho: Adabwa, ndipo ali ndi chifukwa. Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017 ndi miyoyo imene inatayika. Pitani kwa amfumu masana, fotokozani, dziwitsaninso achitetezo cha m'mudzi, ndipo usiku woyamba itanani akulu ndi ana adzaone okha. Pomwepo mungapemphenso aneba kuti babu lapanja likhale ndi chivindikiro cholozetsa kuwala pansi. Magetsi akumudzi tikuwafuna ndithu; thambo lokha ndilo silifuna kuunikiridwa.

Funso: Kodi wojambula wamba angapeze chinthu chimene akatswiri sanachione?

Yankho: Zachitikapo, osati kamodzi. Berto Monard, akugwira ntchito pakhomo pake pafupi ndi Pretoria ndipo kenako ku Calitzdorp, wapeza nyenyezi zambiri zophulika m'milalang'amba ina, kuphatikizapo kuphulika kwachilendo mu NGC 300 mu 2008. Mu 2023 Marcel Drechsler, Xavier Strottner ndi Yann Sainty analengeza uta waukulu wa mpweya wowala pambali pa Andromeda, malo amene ajambulidwa kosawerengeka. Koma imene imandigwira mtima ndi ya Víctor Buso, wokonza maloko wa ku Rosario ku Argentina. Pa 20 Seputembala 2016 ankangoyesa kamera yatsopano pa telesikopu yake ya masentimita 40, n'kuloza NGC 613, akujambula masekondi 20 chithunzi chilichonse. Pa zithunzi zoyamba panalibe kanthu. Pa zotsatira panatulukira kadontho, kakuwalirawalira iye akuyang'ana. Anagwira mphindi zoyambirira za kuphulika kwa nyenyezi, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya Nature mu 2018. NGC 613 yomweyo imadutsa madigiri oposa 70 pamwamba pa Balaka ndi Nayuchi usiku wa mu Novembala.