Kodi timadziwa bwanji chimene chinagwetsa ndege kalekale?

Ana inu a ku Matero, George ndi Chawama, tsiku lina mudzapemphe akuluakulu akuperekezeni ku Independence Stadium. Kunja kwa bwaloli kuli manda otchedwa Heroes' Acre. M'menemo mwagona anthu amene anafa usiku wa pa 27 Epulo 1993. Onse analipo 30, ndipo 18 mwa iwo anali osewera mpira a timu ya dziko lathu la Zambia. Mphunzitsi wawo, Godfrey Chitalu, analinso momwemo. Ankapita ku Senegal pa ndege ya asilikali a Zambia Air Force, ya mtundu wa Buffalo. Itangonyamuka ku Libreville, m'dziko la Gabon, inagwera m'nyanja ya Atlantic, pafupifupi mamita 500 kuchokera kumtunda.

Palibe anapulumuka woti n'kufotokoza. Nanga zochitika m'mwambamo tinazidziwa bwanji?

Ofufuza amayamba ndi nambala. Ndege iliyonse ili ndi nambala yakeyake, monga muonera pa minibasi za ku Kanyama. Iyi inali AF-319. Nambalayo imawalondolera ku mabuku a amakaniki, momwe mumalembedwa tsiku limene injini inavuta, chitsulo chimene chinasinthidwa, ndi dzina la amene anasaina. N'chifukwa chake lero tikudziwa kuti Buffalo ija inakhala pansi miyezi ingapo osauluka, ndipo anangoiyesa masiku ochepa ulendowo usanayambe. Akatero, ofufuza amatola zidutswa za ndegeyo. Injini yopsa ndi moto siifanana ndi injini imene yazimitsidwa ili bwinobwino, ndipo diso la katswiri limasiyanitsa. Amawerenganso nyuzipepa zakale, zonga zimene zimasungidwa ku National Archives of Zambia muno mu Lusaka.

Lipoti la boma la Gabon linatuluka mu 2003. Linati injini ya kumanzere inagwira moto, koma woyendetsa anazimitsa ya kumanja, imene inali yamoyo. Ndege inatsala yopanda mphamvu. Musafulumire kumuweruza munthuyo. Unali usiku, ndegeyo inali itavuta kale pamene anaima ku Brazzaville, ndipo iye anali wotopa chifukwa dzulo lake anali atangobwera nayo timuyi kuchokera ku Mauritius. Chondiwawa ine ndi zaka 10 zimene amasiye ndi ana awo anakhala akudikira yankho.

Ngozi za nthawi ya nkhondo ndizo zimavuta koposa kufufuza, poti maboma amatsekera makalata awo. Mu Seputembala 1961, nkhondo ili mkati ku Katanga, ndege ya Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations, inagwa pafupi ndi Ndola. Anthu owotcha makala m'nkhalangomo ananena kuti anaona ndege yachiwiri m'mwamba. Boma la atsamunda silinalabadire mawu awo, linangoti oyendetsa ndi amene analakwitsa. Patapita zaka zoposa 50, United Nations inatsegulanso nkhaniyo, n'kupatsa ntchito Mohamed Chande Othman, woweruza wa ku Tanzania, kuti awerengenso umboni wa owotcha makala aja ndi kupempha mayiko atulutse makalata amene anabisa.

Inunso mukhoza kuyamba kufufuza madzulo ano. Afunseni agogo kuti uthenga wa ngozi ya ku Gabon ija unawapeza ali kuti, ndipo anaumva pa wailesi kapena kwa munthu. Lembani m'kope mawu awo, dzina lawo ndi deti la lero. Mawa mukafunsenso agogo a kunyumba ina, muone pamene mawu awo akugwirizana ndi pamene akusiyana.