Kodi Malawi 2063 imafika bwanji m'mudzi mwanu?

Mayi wodziwa ulimi akamakonola chimanga, amayamba wapatula ngala zazikulu zambewu n'kuzipachika pamwamba pa moto kuti anankafumbwe asazifike. Za nsima amaganiza pambuyo. Boma nalo liyenera kutero, koma pali chovuta: chisankho chimabwera zaka zisanu zilizonse, pomwe kumanga njanji, kukumba damu la mthirira ngakhale kusula dokotala mmodzi kumadya nthawi yoposa pamenepo.

Tinayesapo kale. Mu 1998, nthawi ya a Bakili Muluzi, dziko linakhazikitsa masomphenya a Vision 2020, ofuna kuti pofika 2020 tikhale dziko lopeza bwino. Pambuyo pake kunabwera ndondomeko zitatu za chitukuko zotchedwa MGDS, yoyamba mu 2006. Mapepala anali okongola, koma chikomekome cha mkuyu: 2020 inatipeza tidakali pakati pa mayiko osaukitsitsa. Ine ndimaona kuti chachikulu chinali chakuti masomphenyawo analibe mwini. Boma lililonse limabwera ndi nyimbo yake, ndipo panalibe wofunsa.

N'chifukwa chake mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la National Planning Commission. Ntchito yake ndi kukonza mapulani a nthawi yaitali, kulangiza boma, ndi kulondoloza ngati zolembedwazo zikuchitikadi. Bungweli ndilo linayenda m'maboma kumva maganizo a anthu, ndipo mu Januwale 2021 a Lazarus Chakwera anakhazikitsa masomphenya atsopano a Malawi 2063. Dziwani kuti ntchito yofunsa anthuyo inayamba mu ulamuliro wa a Peter Mutharika. Umu ndi momwe ziyenera kukhalira: wina kulima, wina kubzala, munda umodzi.

Masomphenyawa ali ndi nsanamira zitatu: ulimi wamalonda, mafakitale, ndi kukula kwa matauni. Koma zaka makumi anayi n'zambiri, choncho anazidula m'magawo a zaka khumi. Gawo loyamba, MIP-1, likuchokera 2021 kufika 2030. Kuchoka apo, maunduna amakonza mapulani awo, ndipo akatswiri amaunika chitukuko chilichonse: chidya ndalama zingati, chipindulira anthu angati, chiyambe n'chiti? Amadalira ziwerengero za ofesi ya National Statistical Office ku Zomba, monga kalembera wa 2018 amene anapeza kuti tinalipo anthu oposa 17.5 miliyoni. Mukamabisa ana pa kalembera, dziwani kuti mwabisanso madesiki a kusukulu kwawo.

Pomwe pagona nkhani ndi pa bajeti. Chitukuko chimene sichinapatsidwe ndalama mu bajeti ya chaka, yomwe tsopano imayamba mu Epulo, chimangokhala loto. Ndipo ngakhale cholowa mu bajeti chimatha kusokonekera: namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola milatho ndi misewu kumwera, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Zotere zikachitika, pulani imayenera kuunikidwanso poyera, osati kuikwirira mwakachetechete.

Nanga inu mumalowera pati? Khomo lanu lili pafupi. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapereka mphamvu ku makhonsolo, ndipo zofuna za anthu zimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, kupita ku ADC ya dera la mfumu yaikulu, mpaka kulowa mu pulani ya chitukuko ya boma lanu. Pansi pa mtengo wa mango paja, pomwe mlembi amalemba mu kope kuti choyamba ndi mjigo, chachiwiri mlatho, ndi pomwe 2063 imayambira. Zimandiwawa kuona misonkhano imeneyi ikudzaza ndi agogo okhaokha, achinyamata ali pa bawo, chonsecho ndiwo adzakhalepo chaka chimenecho.

A gulupu akaitanitsa msonkhano wa VDC, pitani. Ndipo khansala wanu akabwera, mufunseni kuti mlatho munalembetsa uja uli pa tsamba liti la pulani ya khonsolo, ndipo wapatsidwa ndalama zingati chaka chino.