Bomba la ku London lomwe lidagumula madamu: adapindula ndani?

Ku Teddington, dera la London lomwe lili m'mbali mwa mtsinje wa Thames, kuli likulu la kafukufuku la National Physical Laboratory. Mu 1942, injiniya wina dzina lake Barnes Wallis ankafika kumeneku kudzaponya timipira m'mathanki ataliatali oyeseramo timasitima ta pamadzi. Timipirato tinkanjanja pamwamba pa madzi monga umachitira mwala wophwatalala ana akauponya panyanja. Sadali masewera. Wallis ankafuna bomba logumulira madamu a Germany, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili pachimake.

Maso a Britain adali pa chigwa cha Ruhr, komwe kudali migodi ya malasha ndi mafakitale a zitsulo a boma la Adolf Hitler. Kusungunula chitsulo kumadya madzi ambiri, ndipo madziwo ankachokera m'madamu monga Möhne ndi Sorpe. Nzeru yake idali yoti ukauma mtsinje, ng'anjo zizima.

Koma khoma la damu si logwa ndi bomba wamba. Ku Harmondsworth, pafupi ndi pomwe lero pali bwalo la ndege la Heathrow, akatswiri a Road Research Laboratory ankamanga timadamu tachitsanzo n'kumatiphulitsa. Adapeza kuti bomba likaphulikira patali, khoma silitekeseka. Liyenera kuphulika litagunda khomalo, pansi pa madzi. Ajeremani adali atatchinga Möhne ndi maukonde achitsulo, n'chifukwa chake Wallis adafuna bomba lodumpha maukondewo. Lidatuluka lolemera matani anayi ndi pang'ono, loponyedwa likuzungulira chambuyo, ndege ili mamita 18 okha pamwamba pa madzi. Mu Febuluwale 1943 akuluakulu a nkhondo ku London adavomereza, ngakhale mkulu wa ndege zoponya mabomba, Arthur Harris, poyamba adakana kwamtuwagalu.

Usiku wa pa 16 Meyi

Adasankha mwezi wa Meyi chifukwa madamu amakhala atadzaza. Usiku wa pa 16 Meyi 1943, ndege 19 za mtundu wa Lancaster zidanyamuka ku Scampton, m'chigawo cha Lincolnshire, zitanyamula amuna 133 a gulu la 617 Squadron. Wowatsogolera, Guy Gibson, adali ndi zaka 24. Kusanache, damu la Möhne ndi lina lotchedwa Eder adali atang'ambika. La Sorpe, lomwe n'ladothi lokhala ndi konkire pakati, lidangowonongeka pang'ono pamwamba. Ndege 8 sizidabwerere; amuna 53 adafa ndipo atatu adagwidwa.

Ku London kudali chimwemwe. Nyuzipepala zidasindikiza zithunzi za madzi akukhuthuka pa Möhne. Nduna yaikulu ya Britain, Winston Churchill, yemwe adali ku Washington, adatchula za chiwembuchi polankhula kwa aphungu a America pa 19 Meyi. Pa 22 Juni, amuna opitirira 30 adalandira mendulo ku Buckingham Palace, ndipo Gibson adapatsidwa mendulo yapamwamba ya Victoria Cross.

Za anthu a kumunsi kwa damu, nyuzipepalazo sizidanene zambiri. Möhne lidali ndi madzi oposa makiyubikimita 130 miliyoni, ndipo madzi saiwala khwawa: adatsata chigwa pakati pa usiku, kukokolola nyumba, milatho, njanji, ziweto ndi minda. Chiwerengero cha omwalira chimaikidwa pakati pa 1,300 ndi 1,600. Oposa theka sadali Ajeremani n'komwe. Adali akaidi a nkhondo ndi anthu ogwidwa m'mayiko ena kudzagwira thangata, ambiri mwa iwo amayi ndi atsikana a ku Ukraine ndi madera ena a Soviet Union, omwe madzi adawapeza m'misasa ya ku Neheim. Bomba lokonzera adani lidamiza anthu a mbali ya Britain yomweyo.

Phindu lake pankhondo

Mafakitale a ku Ruhr adapunthwa, koma sadagwe. Pofika kumapeto kwa Juni madzi ndi magetsi zidali zitabwerera mwakale m'madera ambiri. Albert Speer, nduna ya Germany yoona za zida, adasonkhanitsa antchito zikwizikwi, ndipo mu Seputembala 1943 khoma la Möhne lidali litatsekedwa, mvula ya kumapeto kwa chaka isanayambe. Ndege za Britain sizidabwerere kudzasokoneza ntchito yomangayo, zomwe Speer mwini adadabwa nazo nkhondo itatha. Iye ankaona kuti Sorpe likadagwa limodzi ndi Möhne, Germany ikadaona zakuda.

Akatswiri ena a mbiri amati phindu lidabwera mozembera. Ambiri mwa omanga aja adachotsedwa ku gombe la France, komwe ankamanga malinga otchinga adani, malinga omwe adali osatha pomwe asilikali a mayiko ogwirizana adakocheza ku Normandy mu Juni 1944. Mizinga ndi asilikali zidatumizidwanso kukalondera madamu. Mfundoyi n'njomveka. Komabe cholinga chenicheni, chozimitsa Ruhr, chidalephereka, ndipo nkhondo idapitirira zaka zina ziwiri.

London yomwe idakonza bombali inkadziwa kale ululu wa madzi pankhondo. Pa 14 Okutobala 1940, bomba la Ajeremani lidagwa pamsewu wa pamwamba pa siteshoni ya sitima za pansi pa nthaka ya Balham n'kuphwanya mapaipi akuluakulu. Madzi ndi matope zidathira anthu omwe adabisala mmenemo, ndipo oposa 60 adafa.

Kwina konse komwe madzi adasandutsidwa chida, mbiri ikufanana. Mu 1938 asilikali a mtsogoleri wa China, Chiang Kai-shek, adagumula mipanda ya mtsinje wa Yellow ku China kuti atsekereze Ajapani. Adaniwo adachedwa miyezi yochepa, koma alimi a ku China komweko mazanamazana a zikwi adafa ndi madzi, njala ndi matenda. Pa 6 Juni 2023 damu la Kakhovka pa mtsinje wa Dnipro ku Ukraine, lomwe lidali m'manja mwa asilikali a Russia, lidagumuka. Mbali ziwirizo zidalozana zala. Midzi ya tsidya lino ndi tsidya ilo idamira, ngalande zothirira minda zidauma, kuphatikizapo yopita ku Crimea, ndipo mabomba okwirira adakokoloka kupita komwe palibe ankadziwa. Patangotha milungu iwiri, mayiko adakumana ku London komweko kukambirana za ndalama zomangiranso Ukraine.

Lamulo lilipo, koma lili ndi mpata

Mu 1977 mayiko adawonjezera pangano lina pa malamulo a nkhondo a ku Geneva. Gawo 56 la panganolo limaletsa kuukira madamu, mipanda ya madzi ndi malo opangira magetsi a nyukiliya ngati kutero kungaphe anthu wamba ochuluka, ngakhale malowo atakhala othandiza adani. Britain idavomereza panganoli mu 1998, koma idanena poyera kuti singalonjeze kuteteza malo oterewa nthawi zonse. America sidalivomereze mpaka lero. Khomo lomwe Wallis adadzera silidatsekedwe kwathunthu.

Nkhaniyi si yakutali kwa ife a chigwa cha Zambezi ndi Shire. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, m'zaka za m'ma 1980, Renamo, yomwe inkamenyana ndi boma, sidagumule damu la Cahora Bassa. Idangogwetsa nsanja za mawaya, ndipo magetsi opita ku South Africa adaima mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Likadagwa khoma lenilenilo, madzi akadatsikira pa mzinda wa Tete mpaka ku Mutarara, kufupi ndi mathiriro a Shire. Kuno kwathu, namondwe Ana adawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Zigayo, zipatala, owotcherera ndi ometa adavutika kupitirira chaka. Imeneyo idali mvula chabe, pa damu limodzi. Pafupifupi magetsi athu onse a madzi amachokera pa mtsinje umodzi, kuyambira pa Kamuzu Barrage ku Liwonde kutsikira ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Ku Green Park, pakatikati pa London, kuli chipilala chomwe Mfumukazi Elizabeth II idatsegulira mu 2012, chokumbukira amuna 55,573 a ndege zoponya mabomba omwe adafa pankhondoyo. Anyamata 53 aja ali m'chiwerengerocho, ndipo kulimba mtima kwawo palibe angakutsutse. Koma kulimba mtima kwa wotumidwa sikuyeretsa nzeru ya womutuma. Damu la Möhne lidamangidwanso m'miyezi inayi. Amayi a ku Neheim sadabwerere kwawo. Mayiko athu, omwe moyo wawo watsamira pa Kariba, Cahora Bassa ndi Shire, ayenera kukhala patsogolo kunena kuti damu lisakhudzidwe pankhondo iliyonse, popanda chifukwa chilichonse chodzikhululukira.