Judo: Maseŵera Ogwetsana Ochokera ku Japan

Mwa maseŵera onse olimbana amene amachitika pa mpikisano wa Olympic, judo ndiyo imadabwitsa kwambiri munthu woiona koyamba. Anthu aŵiri amaŵeramirana mwaulemu, nagwirana malaya, nayamba kukokana. Mwadzidzidzi wina amapezeka ali chagada, ndipo mpikisano wathera pomwepo. Nkhonya mulibe, mateche mulibenso.

Amene anayambitsa maseŵeraŵa ndi Jigoro Kano, mphunzitsi wa ku Japan, m'chaka cha 1882. Kano anali wochepa thupi, ndipo ali mnyamata anaphunzira jujutsu, luso lakale lomenyanirana popanda zida. Atalidziŵa bwino, anapatula njira zoopsa zimene zikanatha kulumaza munthu, natsegula sukulu yake yotchedwa Kodokan m'kachisi wa Eishoji mumzinda wa Tokyo. Mau oti judo amatanthauza njira yofeŵa. Kufeŵa kwake n'kwakuti munthu salimbana ndi mphamvu za mnzake: akakankhidwa iye amakoka, akakokedwa amakankha, kufikira mnzakeyo atadzandira. Pamenepo ndi pamene amamgwetsa. Ndipo wophunzira aliyense, asanaphunzitsidwe kugwetsa, amayamba waphunzira kugwa, ndiko kupinda khosi kuti mutu usagunde pansi ndi kumenya mphasa ndi mkono kuti thupi lisapweteke.

Pa mipikisano ya maiko, wina amavala zoyera, wina zobiriŵira ngati thambo, kuti woweruza awasiyanitse msanga. Amuna ali ndi magulu asanu ndi aŵiri monga mwa kulemera kwao, akazinso chimodzimodzi. Mpikisano umatenga mphindi 4.

Chimene aliyense amafuna ndi ippon, chigonjetso chathunthu chimene chimathetsa mpikisano nthaŵi yomweyo, ngakhale patangopita masekondi ochepa. Njira zoipezera zilipo zitatu. Munthu angathe kugwetsa mnzake chagada mwamphamvu, mwaliŵiro ndi mwaluso. Angathe kumpanikiza pansi chagada kwa masekondi 20. Angathenso kumfinya pakhosi kapena kumpana chigongono mpaka atagonja. Njira yachitatuyi imamveka yankhanza, komatu lamulo linaitchingira bwino: wopanidwayo akangogunda mphasa kapena thupi la mnzake kaŵiri, mnzakeyo ayenera kumtaya pomwepo. Chiwalo chololedwa kupana ndi chigongono chokha. Bondo ndi zala n'zoletsedwa.

Kugwetsa kukapereŵera pang'ono, kapena kupanikiza kukafika masekondi 10 koma osakwana 20, woweruza amapereka waza-ari, ndipo ma waza-ari aŵiri amakwana ippon. M'chaka cha 2025 anabwezeretsanso yuko, mphotho yaing'ono imene inachotsedwa mu 2017.

Ulesi ndi mlandu m'maseŵeraŵa. Wongodzitchinjiriza osaputa mnzake, kapena wozemba kugwirana, amalandira chenjezo lotchedwa shido, ndipo akalandira katatu wagonja. Kuyambira 2010 analetsanso kuthamangira kugwira miyendo ya mnzako ndi manja, lamulo limene akatswiri ena akale amadandaula nalo chifukwa linachotsa njira zina zogwetsera zimene Kodokan imaphunzitsa. Mphindi 4 zikatha popanda wopambana, aŵiriwo amapitiriza, nthaŵi yosaŵerengedwa, kufikira wina atapeza mphotho kapena wina atakwanitsa ma shido atatu.

Judo inaloŵa mu Olympic m'chaka cha 1964 ku Tokyo komweko, ndipo akazi anayamba kulimbirana mamendulo ake mu 1992 ku Barcelona. Mu 1964 muja, m'gulu losayang'ana kulemera, Anton Geesink wa ku Netherlands anapanikiza pansi Akio Kaminaga wa ku Japan natenga mendulo ya golide pamaso pa eni ake a maseŵeraŵa. Anzake a Geesink atafuna kuthamangira pamphasa ndi chimwemwe, iye anawaletsa ndi dzanja, pakuti aŵiriwo anali asanaŵeramirane kotsiriza.