ZA KUSOKA TIMITANDA NDI DZANJA LAMANJA KAPENA LAMANZERE

Ku Karonga, kumpoto kwa Nyanja ya Malawi, luso la kukometsa nsalu ndi singano linadza pamodzi ndi masukulu. Amisyoni a Livingstonia anafika pa nyanjayi caka ca 1875, ndipo caka ca 1894 anayamba sukulu yao yaikuru pa phiri la Khondowe. M'masukulu ao asungwana anaphunzira kusoka zobvala ndi kukometsa nsalu. Umodzi wa misoko yokometsera ndiwo msoko wa mtanda. Msoko umenewu ngwakale ndithu. Ku London, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Victoria and Albert, muli kansalu kamene Jane Bostocke anakasoka caka ca 1598, ndipo timitanda tace tikali kuoneka.

Wofuna kuphunzira msokowu atenge nsalu ya ulusi waukuru wowerengeka ndi maso, monga ya thumba locapa bwino. Akawerenga maulusi awiri copingasa ndi awiri cokwera, apeza kacipinda ka ngondya zinai. M'kacipinda kamodzi mukhala kamtanda kamodzi. Kamtandako kapangidwa ndi maulusi awiri otsamira: wina ugona pansi, wina upita pamwamba pace. Ulusi wa m'singano usatalike kopambana kuyambira ku cala kufikira ku cigongono, pakuti wautali umangana mfundo.

Lamulo lalikuru la msokowu ndi limodzi lokha: maulusi onse a pamwamba atsamire mbali imodzi, kuyambira kamtanda koyamba kufikira kotsiriza. Cifukwa cace nci. Mwera ukaomba pa minda ya mpunga ku Kaporo, mpunga wonse uweramira mbali imodzi, ndipo munda uoneka wosalala. Koma pamene ng'ombe zapondapo, mpunga ugona uku ndi uku, ndipo malowo adziwika ngakhale patali. Nsalu iteronso. Kuwala kugwa pa ulusi wa pamwamba. Timitanda tina tikatsamira kumanja ndi tina kumanzere, nsalu ioneka yamawangamawanga ngakhale ulusi uli wa mtundu umodzi.

Tsono wosoka ayenera kusankha mbali asanayambe, pakuti akuru anati m'mera mpoyamba. Posankha ayang'ane dzanja limene agwirira singano.

Mwana wa dzanja lamanja ayambira kumanzere kwa mzere. Aturutsa singano pa ngondya ya pansi ya kumanzere, nailowetsa pa ngondya ya pamwamba ya kumanja, naiturutsanso pansi pace penipeni. Pamenepo ulusi watsamira kumanja, ndipo singano yafika kale pa ciyambi ca kacipinda kaciwiri. Acita cimodzimodzi kufikira atatha mzere. Atatero abwerera, nalowetsa singano pa ngondya ya pamwamba ya kumanzere, naiturutsa pansi pace, ndipo ulusi uliwonse upingasa unzace. Maulusi ace a pamwamba atsamira kumanzere.

Njira iyi imkomera cifukwa dzanja lace likhala kumanja kwa nchito. Paulendo woyamba, pamene pafunika kuwerenga maulusi, dzanja silibisa zimene wasoka, ndipo akalakwa aona msanga. Pobwerera palibe kuwerenganso, pakuti singano ingolowa m'malo momwe inapita kale.

Koma si ana onse ali a dzanja lamanja. Mwa anthu 10 pa dziko lapansi, ngati mmodzi ndi wamanzere. Cotero m'sukulu iliyonse ya m'mudzi muli ana otere. Kunyumba aphunzitsidwa kudya ndi dzanja lamanja, ndi kulandira cinthu kwa akuru ndi manja awiri, ndipo umenewo ndi ulemu wabwino. Koma singano si mtanda wa nsima. Mwana wamanzere akakakamizidwa kusoka ndi dzanja lamanja, singano imlasa cala, misoko ikhala yokhota, ulusi utha ndi kumasulamasula, ndipo nsalu imene amace anaigula ndi ndalama za mpunga ionongeka. Potsiriza mwanayo ayesa kuti ndi wopusa, naleka kusoka, cinkana kulakwa sikunali kwace.

Mwana wamanzere acite zonse monga zioneka m'kalirole. Ayambire kumanja kwa mzere. Aturutse singano pa ngondya ya pansi ya kumanja, ailowetse pa ngondya ya pamwamba ya kumanzere, aiturutsenso pansi pace, napitirire cotero cakumanzere. Pobwerera maulusi ace a pamwamba adzatsamira kumanja. Nsalu yace siicepa ulemu pa cifukwa cimeneco, pakuti lamulo lija lasungidwa: maulusi onse a pamwamba aloza mbali imodzi.

Mphunzitsi wanzeru sakhala pambali pa mwana wamanzere pomuonetsa msoko. Akhala patsogolo pace, maso ndi maso. Pamenepo dzanja lamanja la mphunzitsi liri mbali imodzi ndi dzanja lamanzere la mwana, ndipo mwana aona magwiridwe a singano monga ayenera kuigwira iye mwini.

Pali nthawi zina pamene ana awiri asoka nsalu imodzi, monga ya pa tebulo ya sukulu, wina wamanja, wina wamanzere. Yense akatsata njira yace, mbali ziwiri za nsalu zidzasiyana. Cifukwa cace apangane poyamba. Akasankha kuti ulusi wa pamwamba utsamire kumanzere, wamanzere akhoza kuyambirabe kumanja kwa mzere, koma ayambire pamwamba. Aturutse singano pa ngondya ya pamwamba ya kumanja, ailowetse pa ngondya ya pansi ya kumanzere, aiturutse pamwamba pace penipeni. Singano yace iloza kumwamba pamene ya mnzace iloza pansi, koma timitanda tao tidzafanana.

Wosoka acenjerenso potembenuza nsalu. Akaizondotsa, mutu pansi, timitanda titsamirabe mbali yomweyo, ndipo palibe coipa. Koma akaitembenuza cam'mbali, kuti mutu uloze kumanja kapena kumanzere, kutsamira kusinthika. Akasoka nsalu iri cotero monga anazolowera, timitanda tatsopano tidzatsutsana ndi takale. Nkwabwino kusoka kaulusi kofiira pa mutu pa nsalu kuti mutuwo udziwike masiku onse.

Msodzi ayesa ukonde wace pouyang'ana maso ace ngati ali olingana. Wosoka ayese nchito yace poyang'ana kuseri kwa nsalu. Akapeza timizere tatifupi toima ciriri mondondozana, wasoka bwino. Akapeza maulusi opingana ndi mfundo, wasoceretsa njira pena pace, ndipo abwerere kukafuna pamene anasocera. Amasule msanga kamtanda kolakwako mzere usanatalike, pakuti kumasula kamodzi nkwapafupi koposa kumasula makumi awiri.

MAFUNSO

1. Kodi lamulo lalikuru la msoko wa mtanda nlotani?
2. Mwana wa dzanja lamanja ayambira mbali iti ya mzere? Nanga wamanzere?
3. Cifukwa ninji mphunzitsi akhala patsogolo pa mwana wamanzere?
4. Ana awiri a manja osiyana acite ciani posoka nsalu imodzi?
5. Cicitika nciani nsalu ikatembenuzidwa cam'mbali?