Udzudzu wa ku Chikwawa taudziwa, nanga mafunso otsalawa alipire ndani?

Mvula ikangoyamba, mabenchi a pachipatala cha boma cha Chikwawa amadzaza ndi amayi obereka ana otentha thupi, ndipo dandaulo limakhala lomwelo chaka ndi chaka: m'masikito tikugonamo, nanga malungowa akuchokera kuti? Ena anapeka kale mayankho awo. Ati masikito aulerewa amabweretsa nsikidzi, ati amafooketsa abambo kuchipinda. Mabodza otere amatopetsa, makamaka poti yankho lenileni linapezeka m'chigwa cha Shire momwemo.

Udzudzu wovuta kwambiri kumeneko ndi wa mtundu wa Anopheles funestus. Udzudzu wina umadikira zithaphwi za mvula, koma uwu umaswana m'madzi okhalitsa audzu, onga a m'dambo la Elephant Marsh, choncho ngakhale m'chilimwe suleka kuluma. Mankhwala amene akhala akuikidwa m'masikito kwa zaka zambiri, a gulu la pyrethroid, amagwira mitsempha: udzudzu ukatera pa ukonde amalowera kumiyendo, umayamba kunjenjemera, kenako n'kugwa. Pofika 2012 akatswiri, mmodzi mwa iwo Charles Wondji wa ku Liverpool School of Tropical Medicine, anali atalemba kuti funestus wa ku Malawi sakufanso monga kale. Thupi lake limapanga ma enzyme ochuluka mopitirira muyeso, makamaka awiri otchedwa CYP6P9a ndi CYP6P9b, amene amaphwanya poizoniyo asanafike kumitsempha.

Sikuti udzudzu unazolowera mankhwala monga anthu amanenera. Wofooka unkafa, wokhala ndi ma enzyme ambiri unkatsala n'kuikira mazira, ndipo poti mbadwo wa udzudzu umasinthana m'masabata awiri kapena atatu okha, sipanatenge zaka zambiri kuti madambo adzaze ndi zidzukulu za wolimbayo. N'chifukwa chake kunabwera masikito okhala ndi mankhwala ena otchedwa PBO. PBO payekha sapha udzudzu ayi, ntchito yake ndi kumanga manja ma enzyme aja kuti pyrethroid adutse. Ndipo ukonde wakale, bola usabooke, umatchingabe. Wouchotsa pamphasa n'kukatchingira dimba kapena kukakokera nsomba mu Shire akupereka ana ake kwa udzudzu.

Tsono funsani kuti nzeru zonsezi analipira ndani. Bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, lomwe linayamba mu 1995 ndipo lili ndi malo ake a kafukufuku ku Chikwawa, limadalira kwambiri ndalama za Wellcome wa ku London. Ntchito ya Majete Malaria Project, yomwe inayesa kutseka mipata ya nyumba ndi kupha mphutsi za udzudzu m'midzi yozungulira nkhalango ya Majete, inayendera ndalama za ku Netherlands. Katemera wa malungo wa RTS,S, amene anayamba kuperekedwa mu 2019 m'maboma 11 kuphatikizapo Chikwawa ndi Nsanje, anamulipirira ndi Gavi, Global Fund ndi Unitaid. Palibe wanzeru anganyoze ntchito zimenezi, zapulumutsa ana. Vuto ndi lakuti mwini ndalama ndiye amasankha funso, ndipo malungo ndi matenda amene dziko lonse lapansi linagwirizana kale kuti liziwaikira ndalama.

Mapepala tili nawo. Lamulo la sayansi la 2003 linakhazikitsa National Commission for Science and Technology. Unduna wa Zaumoyo unatulutsa mndandanda wa zoyenera kufufuza wa zaka za 2012 mpaka 2016. Ku Bamako mu 2008 nduna za maiko zinagwirizana kuti 2 peresenti ya bajeti ya zaumoyo izipita ku kafukufuku. Koma mndandanda wopanda thumba lake sulamula munthu. Katswiri wa ku Kamuzu University of Health Sciences amene akufuna kulipira antchito ake amalemba pempho motsatira zomwe wopereka thandizo walengeza chaka chimenecho, ndipo sitingamudzudzule.

Dziko laling'ono silingafufuze zonse, ndipo kupikisana ndi Wellcome pa malungo kungakhale kutaya ndalama. Tambala yathu yochepayo ipite pomwe wakunja alibe chidwi chokhalitsa. M'chigwa cha Shire malo oterowo sasowa. Mijigo yambiri ku Chikwawa imatulutsa madzi amchere, ndipo anthu amaisiya n'kubwerera kumtsinje komwe kuli ng'ona ndi kolera. Omwe amapirira n'kumamwa mcherewo moyo wawo wonse, impso zawo ndi kuthamanga kwa magazi awo zikuyenda bwanji? Madzi anasefukira mu 2015, namondwe Idai anabwera mu 2019, namondwe Ana mu 2022, namondwe Freddy mu 2023, ndipo nthawi zonse anthu omwa mankhwala a tsiku ndi tsiku amakathera m'misasa zipatala zitadukidwa misewu.

Chofulumira kuposa zonse ndi ngalande ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira, imene ikuyenera kudzathirira mahekitala oposa 40,000 mpaka ku Bangula. Ulimi wothirira tikuufuna, njala ya kuchigwa sitikuiiwala. Koma madzi oyenda pang'onopang'ono ndiwo amakondedwa ndi nkhono za likodzo, ndipo ana adzasambamo, wina afune asafune. Kuyeza mkodzo wa ana asukulu ndi kuwerenga nkhono m'midzi yomwe madzi sanafike, kenako n'kumabwereza chaka chilichonse, si ntchito yodula. Imangofuna wolipira amene sadzachoka pulojekiti ikatha, ndipo ameneyo ndi Boma la Malawi, kudzera mu bajeti yomwe aphungu a Chikwawa ndi Nsanje amavomereza nawo ku Lilongwe.